Thumba la Feteleza

Kanayi konse ndinatsikira ku Lichenya
thumba la feteleza lili kumsana,
lomanga ndi luzi, mwala uli m'kati.
Linali lofunda thumbalo, linkasuntha,
linkalira ngati tizitseko tosowa mafuta.
Ndinkasankha m'bandakucha
kuti otchola tiyi asandione,
koma pobwerera ndinkapeza Akanene
akununkhiza kuseri kwa khola,
mabere ali thoo, akundiyang'ana
ngati mlendo wofunsa njira.

Ndikanatani?
Madeya sankakwanira ngakhale nkhuku.
Ana anga asanu,
ake asanu ndi awiri, kawiri pa chaka.

Tsiku lina chiperoni chitameza phiri lonse,
mayi Nakhumwa, aja anapuma uphunzitsi,
anaima pakhomo ndi kope lonyowa m'mbali.
"Bambo Muhawa, galuyu tikamutseke."
Ndinaseka. Galu wasanduka golosale?
Ndinati ndalama ndilibe.
Anati, "Ifenso palibe amatilipira.
Mubwere ndi chingwe Loweruka,
ndipo m'mawawo asadye kanthu."

Kashedi kakale ka ku dibi, ku Chitakale:
tebulo la malata, beseni, tochi ya pafoni,
dokotala wa ziweto atafika pa njinga yamoto
imene mafuta ake anasonkha ndi amayi ogulitsa nanazi.
Pamzere, mwana wa sukulu ali ndi mphaka m'chikwama cha mabuku,
mlonda wa ku esiteti ali ndi agalu awiri a nthiti zowerengeka.
Wolemba makadi a katemera anali Felesiya,
wa chipsera pakatumba uja,
amene galu wa chiwewe anamuyendetsa maulendo a kuchipatala.
Ankaitana mayina mokweza ngati ku sikelo:
Zilikwanu! Sindilapa! Mwatiyesa! Akanene!
Mayina amene tinapatsa agalu pofuna kulasa aneba,
ndipo aneba omwewo ali pomwepo, akuseka.

Zonena sizisowa.
Ati galu wofula sauwa mbava.
Ati ana akugona ndi njala, inu mukusoka agalu.
Mayi Nakhumwa sayankha,
amangozula nkhupakupa m'khutu la galu wa wonenayo,
imodziimodzi,
kuziponya m'kachitini ka palafini.

Akanene anagona lilime lili kunja.
Ndinagwira phazi lake, lokhakhala ngati langa,
kuwerenga mpweya wake monga ndinachitira
usiku uja mwana wanga wotsiriza ali ndi malungo.
Singano inalowa kasanu.
Ndinamuika m'dengu la tiyi pakaliyala
n'kukankha njinga mpaka kwathu,
osaikwera, kuopa mabampu.

Tsopano Loweruka lomaliza la mwezi kabaza ndimamusiya.
Kusoka sindidziwa, kulemba kwanga n'kwa nkhuku,
koma mabeseni ndimatsuka, tochi ndimagwira osanjenjemera,
ndipo galu wamantha ndimadziwa pomugwira,
ndi mabodza ofatsa omunong'oneza m'khutu.
Masiku ena mankhwala amatha dzuwa lisanafike paliwombo,
timabweza anthu amene ayenda kuchokera ku Nkando,
amapita akutitukwana, agalu awo akutiyang'ana m'mbuyo.
Akanene wanenepa. Mbava amauwabe,
amauwanso abusa, ndi mwezi womwe.

Dzulo kunabwera kamnyamata kopanda nsapato,
thumba la feteleza lili kumsana, lomanga ndi luzi.
Kulemera kwake ndinakudziwa ndisanaligwire.
"Bambo anandituma kumtsinje," kanatero,
"koma mlatho ndaupitirira."
Mfundo inali yolimba, ndinaimasula ndi mano.
Tiana tisanu ndi kamodzi, tisanatsegule maso,
tikufunafuna bere pa zala zanga.
Felesiya anatsegula tsamba latsopano
n'kufunsa kumene mayi wake amagona.

Mwala uja sitinautaye.
Tauika pachitseko cha shedi
kuti mphepo ya kuphiri isachitseke.